Lancaster R5508 pa sikelo ya 1/72: momwe ntchito ikuyendera

Kumayambiriro kwa Meyi

Ntchito yomwe ndayamba ndi yomanga ndi kupenta kandege kapulasitiki koyerekeza Avro Lancaster, ndege ya injini zinayi yoponya mabomba imene dziko la Britain linkagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Sikelo yake ndi 1/72, choncho ndege yomwe mapiko ake ankatambasuka mamita 31 ndipo thunthu lake linali lotalika mamita 21 ikhala ya masentimita 43 m'mapiko ndi masentimita 29 kuchokera kumphuno kufika kumchira. Ndege za mtunduwu zinapangidwa zokwana 7,377 ndipo zinkasinthidwasinthidwa nkhondo ili m'kati, kotero munthu amene wangonena kuti akumanga Lancaster sanamalize kulankhula mpaka atatchula ndege yake ndi tsiku lake. Ine ndasankha R5508, ya zilembo KM-B, monga momwe inkaonekera masana a pa 17 Epulo 1942, ndipo tsiku limenelo ndilo liweruze kachidutswa kalikonse kamene ndimate ndi mtundu uliwonse wa penti amene ndipake.

Ndegeyi inali ya gulu la nambala 44 la asilikali a m'ndege a Britain, lomwe linkakhala pa bwalo la Waddington m'chigawo cha Lincolnshire. Gululi ndilo linali loyamba kulandira ma Lancaster, mu Disembala 1941, ndipo chaka chomwecho linali litapatsidwa dzina lakuti Rhodesia chifukwa ambiri ndithu mwa oulutsa ndi okonza ndege zake anachokera ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Chizindikiro cha gululi ndi njovu, yotengedwa pa chidindo cha mfumu Lobengula ya Amandebele. Amene ankayendetsa R5508 tsiku limenelo anali John Nettleton, wobadwira ku Nongoma m'chigawo cha Natal ku South Africa m'chaka cha 1917.

Cha m'ma 3 koloko masana ndege 12 zinanyamuka, 6 za gulu la 44 ndi zina 6 za gulu la 97 la ku Woodhall Spa, kukaphulitsa fakitale ya MAN mumzinda wa Augsburg kumwera kwa Germany, kumene ankapanga injini za dizilo za sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja. Malingaliro a akuluakulu anali akuti ndegezi ziuluke munsimunsi kuti radar isazione, zifike pa fakitaleyo kusanade, kenako zibwerere mumdima. Zili pamwamba pa France, pafupi ndi bwalo la Beaumont-le-Roger, ndege zankhondo za Germany zinaziona ndipo m'kanthawi kochepa zinagwetsa zinayi za gulu la Nettleton. Yachisanu inagwa itangoponya mabomba ake, gulu la 97 nalonso linataya ziwiri, ndipo pa ndege 12 zija zinabwerera 5 zokha. Mwa za gulu la 44 inabwerera ndi R5508 yokha, imene inakatera usiku ku Squires Gate pafupi ndi Blackpool, ndipo Nettleton anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, yomwe ndi yapamwamba kwambiri ku Britain pa kulimba mtima pankhondo. Ena mwa mabombawo sanaphulike, ndipo ntchito pa fakitaleyo sinaime nthawi yaitali.

Vuto loyamba labuka pa zithunzi zoonera. Chithunzi chotchuka cha ku Imperial War Museums, malo osungirako zinthu zakale za nkhondo ku Britain, chosonyeza Lancaster ya zilembo KM-B ikuuluka munsimunsi pamwamba pa minda ya ku Lincolnshire, si cha R5508 ayi, koma cha L7578, ndege imene gulu la 97 linabwereketsa kuti Nettleton aziyeserera ulendowo, ndipo anangoilemba zilembo zake. Chithunzicho n'chothandizabe popeza ndege ziwirizi n'za nthawi imodzi, koma nambala ya kumchira siyenera kutengedwa pamenepo. Palinso PA474, Lancaster imene ikuulukabe mpaka lero kuchokera ku Coningsby, yomwe inakhalapo nthawi ina itapentedwa zilembo za KM-B pokumbukira Nettleton. Imeneyo inapangidwa mu 1945, ndipo zambiri zimene zili pa thupi lake kunalibe mu 1942. Zithunzi zake ndizigwiritsa ntchito pa maonekedwe a miyendo ndi mmene kuwala kumagwera pa malata, koma osati pa funso lakuti n'chiyani chinalipo ndi chomwe panalibe.

Nditayala zidutswa zonse patebulo ndi kuziyerekeza ndi zithunzi za mu 1942, ndapatula zimene sindizigwiritsa ntchito. Chotupa chachikulu cha pansi pa thunthu, chobisa radar ya H2S, chabwerera m'bokosi chifukwa chipangizocho chinayamba kugwira ntchito mu 1943. Mapulopela otambalala nawonso abwerera, ndipo ndatenga opyapyala osongoka kunsonga. Galasi la kumphuno, momwe woponya mabomba ankayang'anira pansi, ndasankha losaya m'malo mwa lofufuma la ndege zam'mbuyo. Timawindo ting'onoting'ono ta m'mbali mwa thunthu, timene pa ndege zapambuyo pake ankatipaka penti kapena kutisiya kumene, pano tiyenera kukhala totseguka ndi toonekera.

Kumapeto kwa Meyi

Za m'kati zatha. N'zoona kuti thunthu likatsekedwa zambiri mwa zimenezi sizidzaonekanso, koma denga lagalasi la Lancaster n'lalikulu ndi lokwera, ndipo aliyense wosuzumira amaona mpando wa woyendetsa, tebulo la wolondolera njira ndi pang'ono pa malo a wa wailesi. Makoma ndawapopera penti wobiriwira motuwa, kenako ndadutsitsamo penti wamafuta wabulauni wosungunulidwa kwambiri kuti alowe m'makona ndi m'mbali mwa nthiti za thunthu, ndipo atatsala pang'ono kuuma ndapukuta wotsala ndi thonje. Popanda zimenezi m'kati monse mumangooneka mtundu umodzi wosalala, ndipo nthitizo zimazimiririka zikaonedwa kudzera m'galasi.

Woyendetsa ankakhala kumanzere pa mpando wokwezeka, ndipo kumbuyo kwa mutu wake kunali chitsulo chotchinga zipolopolo chokhala ndi kadontho kozungulira kachikasu. Kadonthoko pa sikelo iyi n'kosakwana mamilimita atatu, ndipo burashi sikatulutsa bwino, choncho ndinaboola katepi ndi chitsulo choboolera, n'kumata, n'kupoperapo. Wailesi ya T1154 inali ndi zopotokola zazikulu zofiira, zabuluu ndi zachikasu, ndipo zimenezi ndazidontheza ndi nsonga ya kamtengo kotokosera mano, dontho limodzi pamalo pake, osabwerezanso. Malamba a pa mipando ndadula kuchokera pa kachitsulo kofewa kokutira pakamwa pa botolo, chifukwa kamapindika ndi kugona pa mpando mmene lamba weniweni amagonera, pamene tepi imangouma gwa. Pa tebulo la wolondolera njira ndaikapo kapepala kopyapyala koyera kolembedwa timizere ta pensulo kuti kakhale mapu.

Mitanda iwiri yonyamula mapiko imadutsa m'kati mwa thunthu, monganso pa ndege yeniyeni, pamene mtanda wakutsogolo unali chopinga chimene anthu opita kutsogolo kwa ndegeyo ankachita kukwera ndi kudumpha atavala zovala zolemera. Pa kandegeka mitandayi ndiyo imasunga kapendekedwe ka mapiko, choncho ndaimata pansi pa thunthu nditaiyeza ndi sikweya, ndipo ndaisiya usiku wonse osaikhudza. Ikangopendekeka pang'ono pano, phiko limodzi lidzakwera kuposa linzake ndipo palibe chodzakonza pambuyo pake.

Chipinda cha mabomba, chomwe pa ndege yeniyeni chinali chotalika mamita 10 popanda chodula pakati, ndichisiya chotsegula. M'bokosi muli bomba lalikulu la mapaundi 4,000 lomwe ambiri amakonda kuikamo chifukwa limadzaza malo, koma pa ulendo wa ku Augsburg ndege iliyonse inanyamula mabomba anayi okha a mapaundi 1,000, pafupifupi makilogalamu 450 lililonse, okonzedwa kuti aphulike patapita masekondi 11 kuti ndege youluka munsi ikhale itadutsa. Chipindacho chioneka chopanda kanthu mbali yaikulu, ndipo ndi mmene chiyenera kuonekera. Ndawonjezeramo timawaya tochepa ta kopa m'mbali mwa denga lake kuti malo otsalawo asakhale osalala kwambiri.

Juni

Mbali ziwiri za thunthu zakumana. Guluu wamadzimadzi wa pulasitiki samata ngati guluu wina, koma amasungunula m'mphepete mwa zidutswa kuti zisanduke chinthu chimodzi, choncho ndinkadontheza pang'onopang'ono kuchokera kumphuno, kufinya mpaka kamkanda ka pulasitiki yosungunuka katatuluka pamsoko, ndiyeno kupita patsogolo. Kamkandako kakauma n'kupalidwa ndi msana wa lezala, msoko umatsekeka wokha popanda putty, phala lotsekera mipata. Pamwamba pa thunthu, kumbuyo kwa denga lagalasi, mbali imodzi inali yokwererapo kuposa inzake, ndipo pamenepo ndathirapo supa guluu n'kukhula ndi sandipepa wonyowa, kuyambira wa 400 mpaka wa 1,500. Ndasankha supa guluu chifukwa safota akauma. Putty wamba amapitiriza kufota kwa milungu, ndipo msoko umene unkaoneka wotsekeka umadzatulukiranso pansi pa penti ntchito itatha kale.

Kukhula kumafufuta mizere ya malata, ndiye ndaijambulanso ndi singano yomangidwa pa kamtengo, nditamata tepi yolimba ngati rula. Ndadutsitsa singanoyo mopepuka kangapo m'malo mokanikiza kamodzi, chifukwa ikaterereka imasiya chipsera chovuta kuchotsa kuposa msoko womwewo.

Zikuto za injini zinayi za Rolls-Royce Merlin zanditengera nthawi kuposa thunthu. Chilichonse chili ndi zidutswa zingapo zokumana pamalo okhota, ndipo ziwiri zam'kati zimasunganso miyendo. Pokumana chikuto chakunja ndi kutsogolo kwa phiko panatsala mpata wolowa chikhadabo, umene ndautseka ndi kachidutswa kapulasitiki kopyapyala m'malo mothiramo putty wambiri. M'kati mwa marediyeta ndi m'zipinda za magudumu ndapentamo ndisanatseke. Miyendo yokha ndaisunga padera mpaka kumapeto, popeza kandege kokhala ndi mapiko a masentimita 43 kamatembenuzidwa kambirimbiri popenta ndipo miyendo ndiyo imayamba kuthyoka. Mwayi umodzi pa Lancaster ndi wakuti imakhalira kagudumu kakumchira, choncho sipafunika kubisa mtovu kumphuno monga zimakhalira pa ndege za gudumu lakutsogolo.

Zipsepse ziwiri zakumchira ndazimata kandege katagona pa galasi lathyathyathya, nditachirikiza mbali zonse ndi timabokosi tofanana msinkhu. Diso la munthu limakhululuka zambiri, koma zipsepse zosaima mofanana limaziona lili patali.

Julayi

Mwezi uno chiperoni chakhala masiku ambiri, ndipo mpweya wachinyezi wotere suyenera kupoperamo penti kapena vanishi, chifukwa madzi amaunjikana m'paipi ya kompuresa ndipo vanishi amauma wotuwa. Nthawiyi yapita ku magalasi, ntchito yosafuna kompuresa koma maso ndi kuleza mtima.

Denga lagalasi la Lancaster lili ndi timagalasi tambiri tolekanitsidwa ndi timafelemu topyapyala, ndipo kalikonse kayenera kuphimbidwa pakokha. Ndimamata tepi yopyapyala yachikasu, kuikanikiza m'mbali mwa felemu ndi kamtengo mpaka mzere utaonekera, kenako kudula ndi lezala latsopano lomwe silinadulepo kanthu. Lezala lobuntha limakoka tepi ndipo limakakamiza dzanja kukanikiza, ndiye galasi limakandika. Ndisanaphimbe ndinaviika magalasi onse mu vanishi wamadzi wonyezimira n'kuwasiya aume pansi pa chikho kuti fumbi lisagwerepo. Zimenezi zimawalitsa pulasitiki ndiponso zimaiteteza ku nthunzi ya guluu, imene imachititsa khungu galasi. Pomata ndagwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala, amene amaonekera akauma ndipo sadya pulasitiki. Mtundu woyamba kupopera pa mafelemu ukhala wam'kati, kuti wosuzumira aone mtundu woyenera kuseri kwa galasi, ndipo wakunja ubwera pamwamba pake.

Tizipinda titatu tozungulira ta mfuti, ta mtundu wa Frazer-Nash, ndatimanga padera ndipo tidzalowa pomaliza. Kakutsogolo kali ndi mfuti ziwiri za Browning .303, kapamsana ziwiri, ndipo kakumchira zinayi. Mipope yapulasitiki ya mfutizi ndi yonenepa kuposa sikelo, choncho ndaidula n'kuikapo yamkuwa yobooledwa timabowo toziziritsira. Pogwira timipope timeneti, tomwe n'topyapyala kuposa singano yosokera, munthu amamvetsa chimene chinachitika ku Beaumont-le-Roger. Zipolopolo zake zinali zofanana ndi za mfuti ya msilikali wapansi, pamene ndege za Germany zinali ndi mizinga ya mamilimita 20 ndipo zinkatha kuombera zili patali pomwe mfutizi sizikanazipweteka kwenikweni.

Ogasiti

Penti wayamba, ndipo gawo ili ndi limene lingakometse kapena kuwononga ntchito yonse ya miyezi itatu yapitayi. Mphepo ya mwezi uno imabwera ndi fumbi, choncho ndimapopera m'mamawa mawindo ali otseka, nditawaza madzi pansi, ndipo kandege kakangopentedwa kamalowa m'katoni yovundikira. Ndinayamba ndi pulaimala wotuwa, penti woyala poyamba ngati maziko, amene anaonetsa malo awiri pamsoko wa pansi pa mphuno ofunika kukhulanso.

Pamwamba pa mapiko ndi pamsana pa thunthu pamakhala mitundu iwiri yobisalira, wadothi ndi wobiriwira modera, pamene m'mbali ndi pansi ponse m'pakuda. Ndayamba ndi wadothi chifukwa ndi wowalirapo, pogwiritsa ntchito penti wa Tamiya XF-52 wosungunulidwa mpaka kumayenda ngati mkaka, ndi airbrush, chipangizo chopoperera penti, ya kamwa la mamilimita 0.3. Sindinapopere mokuta kamodzi, koma mopyapyala kangapo, kuti pakati pa lata lililonse pawale pang'ono kuposa m'mphepete. Atauma ndinakulitsa chojambula cha pa pepala la malangizo mpaka kufanana ndi kandege, n'kudula mapepala motsatira mawanga, n'kuwakhazika pa timizere ta Blu Tack, chomata chofewa ngati phula, tokulungidwa mopyapyala. Pepala likakwera pang'ono chotere, malire a mitundu iwiri amatuluka ofewa pang'ono chabe. Ena amapopera ndi dzanja popanda chophimba, ndipo zimakongola, koma malire ofalikira mamilimita awiri pa sikelo iyi ndi masentimita 14 pa ndege yeniyeni, ndipo zithunzi sizisonyeza kufalikira kotero. Wobiriwira ndi XF-81, wopoperedwa airbrush italunjika pa phiko osapendekeka, kuti penti asalowe pansi pa pepala.

Wakuda ndiye wandiganizitsa kwambiri. Oposa theka la thupi la Lancaster ndi lakuda, ndipo penti wakuda bii wochokera m'botolo amameza chilichonse: mizere ya malata, zitseko za mabomba, ngakhale kukhota kwa thunthu, mpaka kandege kamasanduka chithunzithunzi chopanda mnofu. Ndege yeniyeni ikaonedwa patali mamita makumi angapo, komwe ndi kufanana ndi kuona kandegeka patebulo, sioneka yakuda bii chifukwa mpweya ndi kuwala zimaituwitsa. Komanso ndege zambiri zausiku za nthawi imeneyo zinkapakidwa penti wakuda wosanyezimira konse, wokhakhala, amene sankachedwa kuchita mawanga ndi kusupuka. Choncho ndayala XF-69, amene ndi wakuda wotuwirapo, ngati maziko. Pamwamba pake ndapopera timawanga tosaoneka bwino ta mtundu womwewo wosakaniza ndi kadontho ka buluu pena, ka bulauni pena, ndikuyendetsa dzanja mosatsata dongosolo, kenako ndafunditsa zonse ndi XF-69 wosungunulidwa kwambiri kuti mawangawo amire ndi kumangooneka kandege kakapendekeka pa kuwala. Wakuda weniweni ndamusungira malo amthunzi okha: pansi pa mizu ya mapiko, m'kati mwa zitseko za mabomba ndi m'mizere ya malata. Mwa njira imeneyi pali chinthu chakuda kuposa khungu la ndege, ndipo diso limapeza pogwira.

Apa mpamene tsiku lija la 17 Epulo 1942 linayamba kundiletsa zinthu zimene dzanja limafuna. Ma Lancaster ambiri amene timawaona pa zithunzi ndi a mu 1943 ndi 1944, otopa, osupuka, odetsedwa ndi maulendo ambirimbiri, ndipo omanga tindege amakopeka nawo chifukwa kukalambitsa kandege n'kosangalatsa ndiponso kumaonetsa luso. Koma mtundu wonsewu unali utangoyamba kumene ntchito, popeza ulendo woyamba wankhondo wa ma Lancaster, wokatchera mabomba a m'nyanja kufupi ndi Heligoland, unachitika pa 3 Malichi 1942, milungu isanu ndi umodzi yokha m'mbuyomo. R5508 inali ndege yatsopano. Mitundu ya pamwamba sinali itawauka ndi dzuwa, ndipo n'chifukwa chake kuwalitsa kwa pakati pa malata ndakuchepetsa mpaka kuti munthu achite kuyang'anitsitsa. Pamene ndinaona kuti phiko lamanja lawala kuposa lamanzere, ndinalifunditsanso wadothi wopyapyala kuti afanane.

Malire a pakati pa mitundu ya pamwamba ndi wakuda ali m'mwamba ndithu m'mbali mwa thunthu, ndipo ndawatsatira kuchokera pa chithunzi cha L7578 ndi tepi yodulidwa mopyapyala kuti ikhote bwino kumphuno ndi kumchira. Ndinachotsa tepi penti asanaumitsitse, ndikuikokera kumbuyo mogona, kuti isanyamule m'mphepete.

Seputembala

Zomata za zizindikiro zimafuna malo osalala, apo ayi timpweya timatsekeredwa pansi pake ndipo kachikopa koonekera kozungulira chilembo kamanyezimira motuwa, makamaka pa penti wakuda. Choncho kandege konse kalandira vanishi wonyezimira kawiri, ndipo kakhala masiku angapo m'katoni kasanakhudzidwe.

Zizindikiro nazonso zili ndi tsiku lake. Zilembo zofiira moderapo zimene anthu ambiri amazidziwa pa Lancaster zinabwera chapakati pa 1942, ndipo mu Epulo zilembo zinali zotuwa. Chizindikiro chozungulira cha m'mbali mwa thunthu chinali chakale, chokhala ndi mkombero wachikasu wotambalala ndi woyera wotambalala, ndipo mizere itatu ya pa zipsepse, yofiira, yoyera ndi yabuluu, inali yofanana kukula. Miyezi yochepa pambuyo pake zoyera ndi zachikasu zinachepetsedwa chifukwa zinkawala kwambiri zikaunikidwa ndi nyali zofufuzira ndege usiku. Pepala la zomata la m'bokosi ndi la ndege ya nthawi yam'mbuyo, choncho ndatengapo zozungulira za pamwamba pa mapiko zokha, zofiira ndi zabuluu, pamodzi ndi timalemba ting'onoting'ono ta malangizo ndi mizere yosonyeza poponda amakaniko. Zozungulira za m'mbali ndi manambala a R5508 ndazipeza pa mapepala ena. Zilembo KM-B ndazidula pa tepi n'kuzipopera, ndipo ndikuona kuti imeneyi ndiyo njira yabwino pa zilembo zikuluzikulu zotuwa zokhala pa malo akuda, chifukwa palibe kachikopa koti kanyezimire ndipo mizere ya malata imaonekabe pansi pa chilembo. Chomata chilichonse ndinachiviika m'madzi ofunda, kuchitsetsereza pamalo pake, kufinya madzi ndi thonje kuchokera pakati, kenako kupakapo mankhwala ofewetsa kuti chilowe m'mizere. Chikamakwinyika ndi mankhwalawo sichiyenera kukhudzidwa, chimadziwongola chokha chikamauma.

Chotsatira chinali utsi wa m'maekizozi, chizindikiro chimene Lancaster iliyonse imadziwika nacho. Mafuta a ndegezi anali ndi mtovu, ndipo injini zikamayenda ulendo wautali mosamala mafuta zinkasiya mikwingwirima yotuwa moyererapo pamwamba pa mapiko, yokhala ndi m'mphepete mwabulauni ndi mwakuda. Mikwingwirimayi siyenda molunjika ngati yojambula ndi rula, koma imatsata mpweya, kukwera kuchokera m'mbali mwa chikuto, kukhota pamwamba pa phiko ndi kuzimiririka isanafike kumbuyo, ndipo pa zithunzi zambiri wa kunja kwenikweni pa injini zakunja umakhala wofooka kuposa ina. Ngakhale ndege yatsopano imachita utsi umenewu msanga, ndipo gulu la Nettleton linali litauluka maulendo ataliatali oyeserera m'masiku a m'mbuyomo, choncho sindikanausiya. Ndayamba ndi bulauni wakuda wosungunulidwa kwambiri, kompuresa itatsitsidwa mphamvu, kenako kamzere kopyapyala kotuwa pakati pake, ndipo ndamalizira ndi ufa wa choko wopaka ndi burashi youma molunjika kumbuyo. Ndaleka pamene mtima unkati ndiwonjezere kamodzi kena.

Kusupuka kwa penti ndakuika malo ochepa okha, ndi pensulo yasiliva yosongoka: pa zomangira za zikuto za injini zimene amakaniko ankatsegula tsiku ndi tsiku, pozungulira zivundikiro za matanki a mafuta, ndi pakhomo lolowera kumanja chakumchira. Timadontho ta oilo pansi pa injini ndi matope pang'ono kumbuyo kwa magudumu zakwanira, popeza bwalo la Waddington linali la udzu nthawi imeneyo ndipo misewu yake ya konkire inamangidwa mu 1943.

Okutobala

Vanishi wosanyezimira wapoperedwa m'bandakucha, chifukwa kutentha kwa masana mwezi uno kumaumitsa vanishi ali m'malere asanafike pa kandege, ndipo amagwa ngati mchenga. Mbali yakuda ndaiphetsa kunyezimira kotheratu, koma pamwamba ndasiya kuwala pang'ono kuti mitundu iwiri ya penti isiyane monga inkasiyanirana. Tepi ya pa magalasi yachoka bwino, ndipo pamene penti analowa pang'ono pansi pake ndapala ndi kamtengo konyowa. Timawindo ta m'mbali ndatidzaza ndi guluu woyera uja, ndikumukoka ndi kamtengo kuchokera m'mphepete mpaka atatseka bowo, ndipo pofika mawa lake anali ataonekera.

Miyendo yalowa ndipo kandege kaima pa magudumu ake atatu, nsonga za mapiko zili pa msinkhu wofanana. Matayala ndawakhula pang'ono pansi kuti aoneke olemedwa, ndipo ndawapaka wotuwa moderapo osati wakuda. Mabomba anayi ali m'malo mwake. Zatsala ndi zitseko za mabomba, mapulopela amene nsonga zake zachikasu zikuumabe, tizipinda titatu ta mfuti, ndi mawaya awiri a wailesi ochokera pamwamba pa denga lagalasi kupita ku zipsepse, amene ndiwapanga ndi ulusi wotamuka kuti asaduke wina akaukhudza. Pokhazika ndadula thabwa la masentimita 50 mbali zonse, ndipo ndikufunafuna udzu wa sikelo wamfupi mokwanira, chifukwa umene ndili nawo ukufika pakati pa gudumu, pamene pa bwalo lodulidwa bwino uyenera kungobisa pansi pa tayala.